Mlembi wa Mafomu pa Zobwe

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala pa mwala uwu
kunja kwa ofesi ya kasitomu,
mabolopeni atatu m'thumba la malaya,
kulembera apaulendo amene manja awo amadziwa khasu lokha.
"Mwanyamula chiyani, mayi?"
Zitenje makumi awiri, sopo, wailesi yakufa.
Metikali asanu pa fomu, ana anga ankagona atadya.

Tsopano pakhoma amatapo chikwangwani
cha timadontho takuda,
ngati nyerere zaunjikana pa shuga.
Aliyense alozapo foni, awerama, adutsa.
Chidindo chagona m'dilowa, inki yauma.

Dzulo kunafika Felisimina wa ku Domwe,
foni yong'aluka galasi.
Sutukesi inali ya mwamuna wake
amene wamusiya m'manda ku Limbe.
Foni inamufunsa mtengo wa katundu.
Iye anandiyang'ana.
Jekete, nsapato zodyeka chidendene, lumo.

Ndinasolola bolopeni mwa chizolowezi,
ndi kuibwezanso.
Ndinamukwezera foni m'mwamba
kusaka netiweki yothawira kuphiri,
mkono mpaka kuchita dzanzi,
malole a malasha akutiwaza fumbi tonse awiri.