Lachisanu pa Kona Yachitatu

Mvula yakata cha m'ma sikisi,
thirakitala yazungulira kukanda bwalo,
ndipo Alwyn Thackray wayamba kale
asanatsegule ndi fulasiki yomwe.
Akuti mapaundi khumi ndi asanu ndi atatu
kudzaonera ana akuphunzira kuyenda?
Akuti kale pano pankathamanga amuna,
ankalowa pa kona phewa ndi phewa,
dothi lofiira nkukugwera m'kapu ya tiyi.
Lero woyamba kutuluka pa tepi
ndiye wapambana, basi;
atatu enawo amangomuperekeza
ngati anthu opita kumaliro.

Noreen Birtles samucheukira.
Akulemba mapointi m'pulogalamu
ndi cholembera chomangirira ku ulusi,
monga wachitira chaka ndi chaka
kuyambira muja anali ndi mano ake onse.
"Werenga mitu," akutero.
"Ine ndawerenga pachipata: mazana atatu ndi makumi anayi,
kuphatikizapo wogulitsa tchipisi ndi galu wake.
Ambulansi sibwera ulere.
Mpanda wopopa uja uli ndi zigamba zisanu.
Mwini malo wakweza lendi,
ndipo anyamata a zipewa zoyera
ayeza kale poimika magalimoto,
akuti pangakwane nyumba makumi asanu ndi atatu."

"Tigule wa ku Denmark mmodzi, anthu abwerera."
"Ndi ndalama za yani? Za ndege, za hotela?
Tinagula zaka zinayi zapitazo,
ngongole yake tikuibwezabe pogulitsa makeke."

Walira mvula walira matope, ndikuganiza ine,
koma sindinena kanthu.
Ndili pakati pawo, manja m'thumba,
mphepo ya ku Yorkshire ikundilowa m'khosi.

Tepi yakwera.
Njinga zinayi zopanda mabuleki,
giya imodzi, kuzungulira kanayi,
mphindi imodzi yokha ya phokoso lolowa m'nthiti
ndi fungo lija la mafuta opsa
lomwe limandikumbutsa jekete la bambo anga.
Wa chisoti chabuluu ndi Corey Haigh,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
masana amakonza mipope ya m'zimbudzi.
Bambo ake anagulitsa kalavani kuti agule injini.
Ali wachitatu, akufuna kudutsa chakunja,
kumene dothi launjikana,
tayala lakumbuyo lagwira mwadzidzidzi
ndipo khu! pamaso pathu pomwe,
njinga uko, iye uku.

Bwalo lonse zii.
Ngakhale galu uja wasiya kutafuna.

Wadzuka. Akutsimphina.
Sakuyang'ana bondo lake,
akuyang'ana foloko yakutsogolo yopindika,
milomo ikuyenda, akuwerengera mtengo.

"Waona?" akutero Alwyn. "Sadziwa kuwerenga dothi."
Koma mawu atuluka opyapyala.

Pa nthawi yopuma ndowa yachikasu ikuyenda
kuchoka m'manja kupita m'manja,
makobidi akulira pansi pake.
Alwyn wapinda pepala la mapaundi makumi awiri
kanayi, kufikira lachepa ngati sitampa,
waliponya akuyang'ana kumwamba
ngati akufufuza mitambo.
Noreen waona. Wangopukuta magalasi.
Kenaka chapansipansi, kwa ine ndekha:
"Mpikisano wachisanu ndi chiwiri uja
ndinayasamula. Usamuuze."

Taluza ndi mapointi khumi ndi awiri.
Magetsi a kona yoyamba azima msanga
kuti bilu isakwere.
Poimika magalimoto, pakati pa zikhomo za oyeza malo,
awiri aja akadali pa nkhani yomweyo,
wina akuti ligi yafa, angoiwala kuikwirira,
wina akuti wakufa sakulipiritsa pachipata.
Kumbuyo kwawo Corey ndi bambo ake
akukankhira njinga m'vani yolembedwa nambala ya foni
ya amene mpope wawaphulikira usiku.

Ndagogoda nsapato pa tayala,
dothi lofiira silikuchoka.
Alwyn watsitsa windo:
"Sabata yamawa ndi ya ndani?"
Noreen wamuuza, ndi nthawi yomwe,
ndi kuti abwere ndi shuga wake.