Dzanja la pa Tsamba 214

Kwathu ku Qift ana aamuna amakula ndi fumbi m'makutu.
Agogo ankakumbira alendo manda a mafumu,
bambo anga a Hamdoun akumba zaka makumi atatu ndi chimodzi,
ine Rawya yanga inali kuchapa malaya awo
mpaka madzi a m'beseni afiire.

Phale loyamba ndinalitola m'munda wa nzimbe wa amalume
ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Bambo analinyambita, nalitembenuza kawiri.
"La Aroma ili, khosi la mtsuko wa mafuta.
Anauumba wamanzere, ona pomwe chala chinaterereka."
Kenaka analiponya m'ngalande.
"Usazolowere. Dothi limakudya msana,
dzina n'kutenga ena."

Aphunzitsi a Girgis anandibwereka buku lolemera ngati njerwa,
la Chingerezi, lonunkha chinyontho.
Ndinkaliswa ndi dikishonale pabondo,
mawu khumi usiku umodzi,
magetsi akathima, atatu basi.
Pa tsamba 214 panali chithunzi:
chigaza cha mwana, mikanda yabuluu m'khosi,
ndi dzanja la munthu litagwira rula pambali.
Chala chaching'ono chokhota,
chija bulu anaponda chaka chimene ndinabadwa.
M'munsi analemba dzina la pulofesa,
dzina la wojambula,
ndi kutalika kwa rula komwe analemba.

Sindinawaonetse.

Chaka cha mayeso ndinaonda ngati phesi.
Amayi anavula chibangiri chaukwati
kulipira mphunzitsi wa kemisitiri,
pamkono panatsala kamzere koyera.
Masana ndinkaloweza za asidi ndi mchere,
usiku ndinkaba ola limodzi
kuwerenga mibadwo ya mafumu ngati mbava yowerenga za eni.
M'chipinda cholembera chokupizira mphepo chinafa,
thukuta linagwera pa funso lachinayi
n'kufufuta theka la yankho.

Zotsatira zitatuluka amayi anaimba nthungululu padenga.
Malikisi okwanira sukulu ya zamankhwala!
Azakhali anayamba kale kunditcha adokotala,
nandionetsa bondo lawo lotupa.

Ku sitolo ya makompyuta ya Mina, fomu ili patsogolo,
mzere woyamba ndinalemba: kufukula zakale, Cairo.
Zamankhwala ndinaziika pansi pake
ngati nsapato zosiya pakhomo.
Mina anandiyang'ana. "Kunyumba akudziwa?"
Ndinadina.

Masiku khumi ndi limodzi bambo osandiyankhula.
Tiyi ankalandira kwa mng'ono wanga.
Uthenga woti anditenga unafika ndikusenda anyezi,
choncho misozi palibe anaifunsa.

Pasiteshoni, m'bandakucha, mzikiti utangoitana,
anandipatira kanthu kokulunga m'nyuzipepala:
kaburashi kothothoka ubweya,
mpini wake wopindika malo a chala chawo.
"Ukapeza fupa usathamangire kuitana anthu.
Khala nalo kaye pansi.
Linali la munthu, anali ndi womulira."

Apo ndinatulutsa tsamba lija, lojambulitsa pamakina,
lothetheka m'mapindo chifukwa chogona m'chikwama zaka zitatu.
Analitalikitsa ndi maso, magalasi anaiwala kunyumba.
Anakhala chete mpaka wogulitsa buledi anadutsa kawiri.
Ndinkadikira mkwiyo, kapena msozi.

"Rula imeneyi ndinaigwira mopendama," anatero.
"Mzungu uja sanaone n'komwe.
Iwe ukaigwire bwino."

Sitima inalowera kumpoto, Nailo kumanzere,
nzimbe, kanjedza, nzimbe, ng'anjo za njerwa zikufuka.
Mayi wina pambali panga anafunsa chomwe ndikukaphunzira.
Nditamuuza anaseka: "Sukulu yonseyo, kukakumba pansi?"
Ndinavomera ndi mutu.

Tisanafike ku Sohag ndinatenga cholembera,
ndinatsamiza pepala pawindo logwedezeka,
ndipo m'munsi mwa dzina la pulofesa
ndinalemba la bambo, lonse,
ndi la agogo omwe,
zilembo zikukhota ngati chala chija.