Chipinda Nambala Sikisi

Mnyamata wa pakauntala anatiyang'ana kawiri,
iwe mu nsapato zobwereka kwa mlamu wako,
ine m'chitenje chimene sichinalaweko madzi,
nafunsa: "Ndinu banja?"
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ana anayi, kamanda kamodzi,
koma unayankha chapansipansi
ngati wagwidwa ndi mbuzi ya eni.

Ndalama zake ndi za banki m'khonde, Alufandika.
Anzanga anagula malata, wina njinga yakaleko,
ine ndinagula masiku awiri.
Anandiseka pamjigo mpaka ndowa kusefukira.
Aseke.

Bwato mpaka Bangula, minibasi mpaka Dyeratu,
kabaza wotsala nawo mpweya pachitunda,
kenako chipinda ichi.
Pabedi anapinda thaulo ngati tsekwe
ndipo tonse tinaopa kulikhudza.
Unayatsa fani, kuthimitsa, kuyatsanso.
Ine maso anali pachitseko:
kiyi, loko, ndi kachitsulo kokokera m'kati.

Ukukumbukira chaka cha madzi chija?
Amayi m'kalasi ya sitandade 3, abambo kumatenti,
miyezi isanu ndikukuonera pamzere wa ufa,
kukupatsa moni wa patali ngati mpongozi.
Titamanganso, nyumba inatuluka ya chipinda chimodzi,
ana akugona kuseri kwa nsalu,
ndipo chikondi chathu chinaphunzira kupuma ngati mbala.

Tsono apa chitseko n'chathu, mawu atithawa.
Unafunsa ngati Chakanza akumbukire kutsekera mbuzi.
Ndinafunsa mtengo wa thonje chaka chino.
Tinakhala m'mphepete mwa bedi, wina uku wina uko,
ngati odikira dokotala.

Magetsi anathima.
Fani inazungulira katatu n'kufa,
kutentha kwa Chikwawa kunalowa osaodira.
Tinakokera mipando pakhonde.
Pansi apo Shire akudutsa mwaulemu
ngati si yemwe anatenga nkhokwe yathu ndi mapira ake omwe.
Mvuu inaseka m'bango.
Chakummwera thambo linali psuu, akuwotcha nzimbe ku Nchalo,
iwe n'kunena kuti Lolemba m'mawa
chikwanje chidzakhala chikukudikira m'phulusa limenelo.
Ndinati Lolemba lili ndi eni ake, lisiye.

Udzudzu unatera pakhosi panga.
Unaupha ndi chikhatho chako chokhakhala chija,
ndipo dzanja linaiwala njira yobwerera.

"Dorika," unatero.
Osati make Chakanza, osati mayi a kunyumba.
Ndinacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli mtsikana
amene unamupeza akugulitsa masawu pasiteshoni,
wamwano, wa mpata m'mano.
Kunalibe wina.
Ndinavomera ndine.

Zotsalazo ndi za chitseko, chifunseni chomwecho.

Tambala analira, koma sanali wathu.
Palibe anafuna phala, palibe anataya yunifolomu.
Tinadzuka dzuwa litafika kale pamlambe,
tinadya dzira limodzilimodzi ndi buledi wodula ngati kalata,
iwe n'kuthira shuga masupuni anayi
poti unati ena mwa iye unadula ndiwe.
Masana onse tinawerenga ng'ona pamchenga wa tsidya lija,
ndipo tinakangana: iwe zisanu, ine zinayi ndi chipika.

Lamulungu tinabweza kiyi.
Kasopo kakang'ono kaja ndinakamanga pansonga ya chitenje,
kuchimwa kwanga n'komweko.
Mnyamata uja anati, "Mudzabwerenso,"
ndipo sitinamunamize, tinangomwetulira.

Pa Dyeratu, minibasi ikudikira kudzaza,
unasowa kanthawi m'kati mwa msika.
Unabwera utafumbata kanthu, thukuta lili kamukamu,
n'kundiika m'manja osandiyang'ana:
loko wamng'ono wa makiyi awiri.

Chipinda chake sitinamange, bambo iwe.
Ngakhale njerwa sitinaumbe.
Koma kiyi wanga ndamumanga pamodzi ndi sopo.