Kabuku ka Pansi pa Mpando

Galimoto ya Gelisomo idachoka ku Japani pa sitima,
nifika ku Kapata fumbi la Nakonde lili m'matayala.
Poitsuka, anyamata adapeza pansi pa mpando
ndalama yachitsulo yoboola pakati, chipeso,
ndi kabuku kopyapyala ngati khadi la kusikelo,
kolumidwa ndi timawaya tiwiri pamsana.

Adabwera nako kwa ine.
"Malume, izi ndi zanu. Muli makamera."

Makamera munalibe. Munali anthu.
Patsamba loyamba, mtsikana wa diso limodzi lalikulu,
siketi yake yopindapinda ngati timasamba totsekera kuwala,
m'chiuno manambala m'malo mwa mikanda:
1.4, 2, 2.8, 4.
Ndidawatchula mokweza ngati mayina a ana anga.
Zilembo zinazo zidandikana moni,
koma manambalawa tidakulira limodzi.

Patsamba lachitatu, nkhalamba yaitali khosi,
ya jekete lakuda,
yoona za kuseri kwa phiri, yosaona za pamphuno.
Ndidaseka mpaka kutsokomola.
Ameneyu ndimamudziwa!
Ndiye ndinkapita naye ku Mtenguleni
kukajambula ovina ndili patali ndi zibonga.

Adajambula ndani? Dzina lake sindingaliwerenge.
Koma ndikuona kuti adadzisindikizira yekha:
inki idatayikira patsamba lachisanu,
ndipo kuchikuto adalemba ndi dzanja, 37/100.
Anthu zana okha padziko lonse,
ine wa ku Magazini ndalowamo osaitanidwa
ngati wodutsa amene wagwera phwando la eni.

Usiku ndidatsegula chitini cha mabisiketi.
Atatu aja ali gone m'masokosi akale
kuyambira chaka chimene mafoni adatilanda ntchito,
situdiyo yanga ya ku Down Shops nisanduka saluni.
Wamfupi uja, wa maukwati, wachita chuku m'kati,
ng'ala yeniyeni,
ngati ya diso langa lakumanzere.
Tadwala nthenda imodzi osauzana.
Zaka makumi atatu ndinkawauzira mpweya,
kuwapukuta ndi mpango,
kuwabisa m'malaya mvula ikatipeza pa Lutembwe,
koma dzina sindidawafunsepo.

Ndidabwereka pensulo ya Tisauke, mdzukulu wanga,
ndi kutembenuza kalendala ya ogulitsa feteleza.
Chala chozolowera kudina sichidziwa kukoka mzere.
Mutu udatuluka ngati dzungu.
Ndidafufuta. Udatulukanso dzungu.
Basi, ndidamuveka chitenje ndi duku,
ndidamukweza panjinga,
poti wa ku Chipata sayenda pansi,
ndipo m'diso ndidasiyamo kachifunga kaja.

"Agogo, ameneyu ndani?"
"Ndi Mayi Faidesi.
Adaona akwatibwi mazana anayi akulowa m'tchalitchi,
adaona apongozi akukakamiza kumwetulira,
koma palibe adawapatsako keke."
"Nanga akuliranji?"
"Sakulira. Labala wako ndi woipa."

Kaya uli kuti, iwe wa inki yotayikira,
kaya udakali moyo, kaya galimoto inali yako,
kabuku kako ka nambala 37 kali pa shelefu,
pakati pa Baibulo ndi mankhwala a m'maso.
Gelisomo adakafuna dzulo. Ndidati kasowa.

Pansi pa Mayi Faidesi,
pakona pamene chala changa chidasiya mafuta,
ndalemba monga udalembera iwe:
1/1.