Pulopela Yachitatu

Katundu wafika Lachinayi pa lole ya a Mdoka yochokera ku Joni,
m'katoni yonunkha sopo ndi dizilo.
Pansi pa bulangete la amayi, Twaibu anabisapo injini ziwiri,
mapulopela atatu omanga ndi mphira,
ndi kapepala: Usankhe wekha, ine zimenezi sindizidziwa.

Ndaziyala pabenchi m'galaja yanga ku Mpondasi,
pakati pa mapulagi akufa a njinga za kabaza.
Yaing'onoyi ndi yopepuka ngati dzira la nkhanga,
koma ikaliza ndiye mluzu wokhawokha,
mphamvu zake zonse zili m'liwiro.
Yaikuluyi imayankhulira kukhosi.
Imakoka mpweya, n'kuganiza kaye, kenako n'kuphulika,
ndipo m'dzanja imalemera ngati loko wa pasitolo.

Kandege kanga ndi kachiwale ndi pulaiwudi.
Mapiko ndinawakuta ndi pulasitiki
pogwiritsa ayironi ya mayi a Asiyatu, iwo ali kumsika.
Sindikufuna kuti kazithamanga.
Othamanga ndimawaona tsiku ndi tsiku,
amabwera kuno mawondo atasupuka.
Ndikufuna kakwere chilili ngati utsi wa uvuni wa njerwa,
kaime pomwepo mphuno kumwamba,
kagadabuke, kauluke chagada,
kenako kadzuke ngati palibe chachitika.

Ndamanga yaikuluyo.
Nditakanyamula ndi zala ziwiri kunsi kwa mapiko
kawerama ngati nkhuku yojompha madeya.
Batire ndalisunthira kumbuyo, chala chimodzi, zala ziwiri,
mpaka kagona bwino m'malere.

Loweruka, pabwalo la mpira, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.
Mpweya wa kuno ukatentha umapyapyala,
pulopela imaluma koma mkamwa mulibe kanthu.
Ndayamba ndi yaifupi, yopindika kwambiri, chifukwa inali yokongola.
Kadutsa pagolo ngati mpaliro, ana n'kukuwa.
Ndakoka kandodo ka rimoti kuti kakwere,
kakwera, kakwera, katopa,
kagwa m'chinangwa cha a Kalonga chakumutu.
Yachiwiri yathyokera pansi kasananyamuke n'komwe,
gudumu litalowa m'phazi la ng'ombe louma.

Yatsala imodzi, yathabwa, yaitali, yopindika pang'ono chabe,
imene ndinaiderera poyamba.
Inetu ndimakalipira anyamata a kabaza
kuti wokwera mapiri a ku Namwera sasaka giya yomaliza,
koma langa lomwe phunziro ndinaliiwala m'thumba la ovolosi.

Usiku taipisa pa sipoko ya njinga,
sipokoyo taigoneka pa matambula awiri.
Mbali imodzi ikungotsika.
Ndikafuna kupala ndi sandipepa, Asiyatu wandigwira dzanja:
Ababa, yatsala yokhayi, musaidye.
Watenga kyutekisi wake wofiira
n'kupaka nsonga ya mbali yopepukayo,
kupaka, kuuzira, kudikira, kupakanso,
mpaka thabwa laima phee, osasankha mbali.

Mmawa, mbuzi zisanalowe m'bwalo,
ndatsegula singano ya mafuta pang'ono kuti isapse mtima.
Kanyamuka mwaulesi, ana ayamba kuseka.
Ndakoka kandodo.
Kakwera osapuma, osapempha,
mpaka pamwamba pa migwalangwa,
ndipo pamenepo kaima,
kapachikika pa pulopela yake ngati malaya pa msomali,
kabwalo kofiira kakuzungulira pamphuno.
Ndawerenga mpaka sikisi. Zala zanga zikunjenjemera.
Kagadabuka kawiri, kamodzi mosafuna ine.

Asiyatu waimbira Twaibu, foni waikweza m'mwamba
kuti amve yekha.
Kumeneko kukumveka makina a fakitale ndi munthu wokalipa.
Akuti: Ikumveka ngati njinga ya kabaza imeneyo!
Kenako chete.
Kenako akuti: Usaitsitse msanga, ndimvereko.

Mafuta atsala a mphindi ziwiri.
Sindinamuuze.