Mzere Woyamba

Fomu ili pabondo panga,
cholembera ndachitafuna mpaka kung'aluka.
Magetsi azima m'kashopu ka Che Amidu kuseri kwa depoti,
fani yaima, thukuta likuyenda ngati linthumbu kumsana,
ndipo mzere woyamba ukundiyang'ana
ngati wodwala wodikira kuti dzina lake liitanidwe.

Mapointi khumi ndi awiri.
Kwa M'baluku anandiimbira nthungululu mpaka mawu kusasa,
koma akuti kumizinda kuli ena a sikisi, a seveni,
ana amene labu yawo imatuluka madzi pampopi.
Ife asidi tinamuonera pabolodi,
wojambulidwa ndi choko chonyowa.

Aphunzitsi a Mkwanda anati:
"Udokotala ndi mlatho wopapatiza, Asiyatu,
ambiri amagwera m'madzi asanafike pakati.
Yamba ndi sayansi, bayoloje kapena kemisitire,
uzungulire, ukalowere khomo la kumbali.
Kuona maso a nkhono n'kudekha."
Ananena akupukuta magalasi,
iwonso anazungulira, zaka makumi awiri zapitazo,
ndipo khomo la kumbalilo sanalipezebe.

Twaibu, mlongo wanga, anaimika kabaza pamthunzi:
"Zaka sikisi? Tizidya chiyani, mabuku?
Lemba unamwino, iwe, ukatuluke msanga,
miyendo yangayi yatopa kupalasira fizi."
Sindinamuyankhe. Ndinaona nsapato zake,
chala chachikulu chikusuzumira kunja.

Ababa anatumiza mawu pafoni kuchokera ku Joni,
kumbuyo kukumveka malole:
"Za maakaunti, mwanangu. Ndalama siidwala."

Amayi okha sananene kanthu.
Iwo amagulitsa zitumbuwa pageti la chipatala,
amadziwa kulira kwa wodi iliyonse,
amadziwa kuti chitenje chikatuluka chopindidwa m'manja
mwini wake watsala m'kati.

Koma palibe amene wandifunsa za tsiku lija.
Shaibu wathu anakodza zofiira,
anyamata anzake akumuseka kuti wakula.
Tinapita naye ndi kabotolo kokulungidwa m'pepala.
Mayi wa mulabu, wa mpata kumano,
ataona ndikusuzumira pazenera, anati lowa,
tsinzina diso limodzi.
Ndinaona.
Kadzira kowala ngati njere ya nkhaka,
kali ndi kaminga kumchira,
kali phee, ngati sikanalakwe.
"Likodzo ndi limeneli," anatero.
Ine mtima unagunda ngati ndagwira wakuba padzanja.

Tsono ndiuzeni:
chimene ndinakonda tsiku lija n'chiyani?
Chovala choyera, choti anthu azidzuka ndikamadutsa?
Kapena kaminga kaja,
kudziwa dzina la chinthu chimene chikudya m'bale wako?
Usiku ndimadzifunsa, udzudzu n'kumayankha zake.

Akuti lemba zimene umakhoza.
Akuti lemba zimene zili ndi malo ambiri.
Akuti mtsikana wa kuno akafika Fomu Folo wafika kale patali,
asatambasule mwendo kupitirira mphasa.
Anzanga atatu a Sitandade Eyiti ali ndi ana kumsana,
mmodzi ndinakumana naye pamlatho dzana,
anandigwira dzanja nati, "Adokotala,"
osaseka.

Mizere ina isanu ndadzaza kale:
za mulabu, za mankhwala, unamwino wa Twaibu,
sayansi ya a Mkwanda,
ngakhale maakaunti a ababa ndawaika kumapeto
kuti foni ikalira ndisaname.
Aliyense ndamupatsa mzere wake
ngati nyama ya pa Idi.
Watsala umodzi, wapamwamba,
ndipo m'nyumba monse mulibe wina woti ndimupatse.

Kumzikiti kwaitana, dzuwa lapendeka.
Fani yatsokomola, yayamba kuzungulira.
"Abwera!" akufuula Che Amidu,
"fulumira, mwana iwe, awa sakhalitsa."

Ndapukuta chikhatho pasiketi.
Ndikulemba pang'onopang'ono, zilembo zazikulu,
kuti kompyuta ikakana, ikane itawerenga bwino.