Sikelo ya pa Ngabu

Sindinapiteko kukafuna Mulungu.
Ndinkalondola ngongole yanga,
ndalama zomwe Zuze Alufazema anandizemba nazo
chiyambire nyengo yobzala,
ndipo anthu anati Lachinayi lililonse madzulo
amakhala m'kalasi yakumapeto pa pulayimale,
iye ndi anzake, ataweramira mabuku.

Ndinaima pakhomo thukuta lili kamukamu.
Dzuwa la kuno ku Chigwa silisankha
wangongole ndi mwini ndalama.
Mai Dominga, aja anapuma unamwino ku Nsanje,
anangosendera pa benchi osadzutsa mutu:
khalani, tili pakati pa ndime.

Ndinkayembekeza ng'oma, kukuwa, mbale ya chopereka.
Kunalibe.
Anthu asanu ndi anayi, mapensulo otafunidwa kumatako,
ndi Baibulo la Lapukeni lotupa ngati buledi,
lija linagona m'madzi masiku atatu ku Makhanga
n'kuyanikidwa padenga pamodzi ndi mapira.
Akalitsegula limalira ngati makoko ouma.

Ola lathunthu pa mizere isanu!
Wanena ndani? Akuuza yani? Kunali zotani m'dzikomo?
Zuze atathamangira kunena za mumtima mwake,
Mai Dominga anagogoda desiki ndi chala:
musakolole musanapalire, achimwene.
Werenganinso.

Ndalama sindinaitchule tsiku limenelo.
Sabata yotsatira ndinabwera kudzaitchula,
yotsatiranso chimodzimodzi,
mpaka ndinapezeka ndagula kope ndi pensulo yanga,
ndikutsutsana ndi mphunzitsi wa Sitandade 6
za liwu limodzi, mpaka mileme kuyamba kutuluka m'denga.

Mwezi wogula thonje unatipeza pa mneneri wina
wa masamba ochepa, munthu wonunkha khola,
wosaphunzira kunyengerera.
Anafika pa amalonda ochepetsa muyeso.

Ine ntchito yanga ndi kupima thonje pamsika.
Kumbuyo kwa sikelo kuli kasikuluwu,
ukakapotoza pang'ono muvi umayambira pansi pa ziro,
makilo awiri pa belo lililonse
amatsala m'manja mwako osadetsa zala.

Palibe anandiyang'ana.
Chimenecho ndiye chinandiwawa.
Mkazi wa Lapukeni amagulitsa thonje kwa ine,
koma Lapukeni anangonyowetsa chala ndi malovu
n'kutembenuza tsamba lake lolira lija.

Usiku ndinayala mkeka panja, m'nyumba musakugoneka,
udzudzu wa kudambo ukuimba maliro m'khutu.
Ndinayatsa tochi ya foni kufunafuna pothawira:
mwina ankanena anthu ena, akale, a dziko lakutali.
Koma mafunso aja ndinali nditawaphunzira bwino.
Wanena ndani, ndinadziwa.
Akuuza yani,
ndinazimitsa tochi.

M'mawa ndinapotoza kasikuluwu ndi nsonga ya mpeni
mpaka muvi unaima pa ziro, njo.
Woyamba anali mayi wa ku Dolo, belo lili pa kabaza.
Anayang'ana muvi, anayang'ana ine,
nati, kodi thonjeli lanenepa m'njira?
Ndinalemba risiti osayankha.

Musanditche woyera.
Zuze wandibwezera theka, ndipo ndalandira, ndawerenga kawiri.
Za zaka zinayi zapitazo sindidziwa ndiziwerenga bwanji,
makilo obedwa alibe kaundula,
ena mwa eni ake anapita ndi madzi, ena ali ku Mozambiki.
Bwana akubwera kumapeto kwa mwezi kuchokera ku Limbe
kudzafananitsa mabuku ake ndi anga,
ndipo chomwe ndidzamuuze sindinachipeze.

Lachinayi likubwerali tikuyamba mutu womaliza.
Mai Dominga akuti wowerenga mokweza ndine.
Ndakhala ndikuyeserera pansi pa msawu kuseri kwa shedi,
mbuzi zikundimvetsera,
lilime likupunthwa pa maina a mizinda
yomwe sindidzaiona,
ndikubwereza, ndikubwerezanso,
chala chili pa mzere
ngati muvi wofuna poima.